Mmene gulu lachifundo lingagawire zovala ana a sukulu osowa ku Zomba

Gulu lililonse limene layesapo kuthandiza ana a sukulu ndi zovala, kaya ndi la mpingo, la mzikiti, la ophunzira a ku yunivesite ku Chirunga kapena la anthu amene anaphunzira pa sukulu imodzi kalekale, limazindikira msanga kuti kusonkhanitsa zovala si kovuta. Mukalengeza sabata ino, pofika sabata yamawa matumba adzaza. Ntchito yeniyeni ili pa kuonetsetsa kuti chovalacho chafika kwa mwana amene akuchisowadi, chamukwana, ndiponso kuti akuchivala popanda kusekedwa ndi anzake.

Boma linathetsa fizi ku pulayimale m'chaka cha 1994, ndipo kuyambira nthawi imeneyo yunifolomu siyenera kukhala chifukwa chothamangitsira mwana m'kalasi. Komabe mwana amene kabudula wake wang'ambika kumbuyo sadikira kuti wina amuthamangitse; amangokhala pakhomo yekha, ndipo akajomba masabata awiri kubwereranso kumamuvuta. Ameneyu ndiye mwana woyenera kumuganizira pa chilichonse chimene gulu lanu likukonza.

Choyamba, musanapemphe chovala ngakhale chimodzi, pitani kusukulu. Kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo kudzera mwa iye mudziwitse mlangizi wa sukulu za m'deralo, amene ambiri amangomutchula kuti PEA, ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'deralo amakumanirako pa maphunziro awo, kumene amagwirira ntchito. Ngati gulu lanu likufuna kumachita zimenezi chaka ndi chaka, kadziwonetseni ku ofesi ya Social Welfare ku khonsolo, chifukwa kumeneko amadziwa sukulu zimene mabungwe ena akuthandiza kale. Sukulu za m'mbali mwa msewu wa tala, monga za ku Matawale kapena ku Chinamwali, zimaonedwa ndi aliyense wodutsa, pamene za kufupi ndi nyanja ya Chilwa, za ku Chingale kapena za pa chilumba cha Chisi sizifikiridwa kawirikawiri. Mfumu ya mudzi umene sukuluyo ili isamve nkhaniyi m'mphekesera.

Kusankha ana ndiko kumadanitsa anthu, choncho m'pofunika kudekha. Musapemphe mndandanda kwa munthu mmodzi. Aphunzitsi a m'makalasi alembe mayina awo poyang'ana kaundula wa ana ojomba, gulu la amayi a pasukulu lilembe akenso, komiti ya sukulu pamodzi ndi mfumu ilembenso ake, kenako mindandanda itatuyo muiyerekeze. Dzina limene lapezeka ponseponse silifuna mtsutso, ndipo limene lapezeka pa mndandanda umodzi wokha lifufuzidwe mwaulemu. Mwa magulu atatuwa ine ndimakhulupirira kwambiri amayi, popeza iwo amadziwa nyumba imene mwana amachapa malaya ake usiku n'kuwavala m'mawa asanaume. Mayina a mabanja olandira Mtukula Pakhomo angathandize, koma asakhale muyeso wokhawo, chifukwa alipo mabanja ovutika kwambiri amene sali m'ndondomeko imeneyo. Samalaninso ndi chizolowezi chongoganizira ana amasiye okha, pakuti mwana amene makolo ake onse ali moyo koma munda wawo unakokoloka ndi madzi akhoza kukhala wausiwa kuposa wamasiye amene akuleredwa ndi amalume ake olembedwa ntchito.

Mayina akadziwika, yezani ana. Kalasi kapena zaka sizikuuzani msinkhu wa mwana, chifukwa mu Sitandade 4 mumapezeka wa zaka 9 atakhala benchi limodzi ndi wa zaka 14. Tengani tepi ya telala, amayi ayeze atsikana ndipo abambo ayeze anyamata, m'chipinda osati pabwalo, mulembe chifuwa, chiuno, kutalika ndi phazi. Pokhapokha mutachita zimenezi m'pamene mungapite kwa opereka, ndipo mupite ndi pempho lomveka: majuzi angati, akabudula angati, madiresi angati, a misinkhu yotani. Mukangonena kuti mukufuna zovala za ana osauka, anthu amakutulani zonse zimene zinkawasowetsa malo m'nyumba, kuphatikizapo masuti a agogo awo.

Nyengo nayo ilamulire pempho lanu. Zomba imazizira mu Juni ndi Julayi, makamaka kumidzi ya m'munsi mwa phiri, ku Domasi ndi ku Malosa, ndipo chiperoni chikagwa ana ang'onoang'ono ambiri satuluka m'nyumba. Juzi iyenera kufika kwa mwana mu Meyi. Ikafika mu Ogasiti idzangosungidwa mpaka kumuchepera. Yunifolomu ikhale itasokedwa chaka cha sukulu chisanayambe mu Seputembala. Pa nthawi ya ngozi, monga namondwe wa Freddy amene anasautsa chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, zinthu zimasintha, ndipo pamenepo ndi bwino kugwira ntchito kudzera m'makomiti a khonsolo oona za ngozi m'malo moyenda panokha.

Zovala zikabwera, zisankheni mopanda chisoni. Chong'ambika kwambiri, chothimbirira ndiponso chimene inuyo simungaveke mwana wanu chichotsedwe. Chotsaninso malaya ndi nsalu za zipani za ndale, komanso zolembedwa mawu otukwana kapena otsatsa mowa, zimene zimapezeka kawirikawiri m'zovala zochokera kunja. Zotsalazo zichapidwe ndi sopo, ziyanikidwe pa chingwe osati pa udzu, ndipo zisitidwe ndi simbi yotentha bwino mpaka m'misoko, chifukwa m'menemo ndimo mumabisala nsabwe ndi mazira a ntchentche zija zoyambitsa mphutsi pakhungu. Mphere nayo imayenda ndi zovala. Zovala zamkati zokha zikhale zatsopano nthawi zonse.

Zovala za akuluakulu musazitaye. Telala waluso amatha kusandutsa buluku la bambo kukhala akabudula a mwana, ndipo zimene sizingatheke kuchepetsa mukhoza kuzigulitsa ngati kaunjika, ndalama zake n'kugulira nsalu ya yunifolomu, bola opereka auzidwe poyera kuti mudzatero. Sukulu iliyonse ili ndi mtundu wake wa yunifolomu, motero funsani musanagule nsalu, ndipo ntchito yosoka muipereke kwa atelala a m'dera lomwelo kuti chovala chikalakwika chibwezedwe mosavuta. Auzeni asoke mokulirapo pang'ono ndi kusiya mpendero waukulu woti udzamasulidwe mwana akatalika. Ngati muli ndi ndalama m'malo mwa zovala, kusankha chovala chilichonse pachokha pa kaunjika mu msika wa Zomba kapena wa Songani, muli ndi miyeso m'manja, n'kwanzeru kuposa kugula belo lathunthu limene simudziwa za m'kati mwake. Abale a kunja akafuna kutumiza katundu, nkhani ya msonkho ifunsidwe ku bungwe lotolera msonkho la MRA katunduyo asananyamuke, ndipo muwerengere ngati mtengo wotumizira sukuposa wa zovalazo.

Atsikana a m'makalasi apamwamba amafuna chisamaliro chapadera. Siketi yaifupi kapena bulauzi yothina sadzaivala, ndipo m'madera amene muli Asilamu ambiri funsani amayi za kavalidwe koyenera musanasankhe. Mtsikana wotha msinkhu amajomba masiku a kumwezi ngati alibe zodzitetezera, choncho m'phukusi lake muikemo mapanti atsopano ndi mapadi ochapa, amene magulu ambiri a amayi a pasukulu amadziwa kale kusoka. Nsapato ndi zabwino ngati zilipo, koma zisatsogole juzi ndi yunifolomu.

Tsiku logawa ndilo limaononga ntchito ya magulu ambiri. Musagawe pa asembule, ndipo musaimiritse ana pamzere kuti sukulu yonse ione amene ali osauka. Pemphani chipinda chimodzi ana ataweruka, muitane kholo kapena womulera, mwana ayese chovalacho pomwepo, ndipo chikapanda kumukwana chisinthidwe asanachoke. Wolandira asayine kapena adinde chala m'buku, pamaso pa mmodzi wa amayi ndi mmodzi wa a komiti. Ndikudziwa kuti opereka amafuna zithunzi, koma chithunzi cha mwana atanyamula phukusi chikafika pa Facebook kapena pa WhatsApp chimazungulira mpaka kumudzi kwawo. Jambulani matumba, atelala ali pa makina kapena buku la kagawidwe, ndipo nkhope ya mwana isaoneke popanda chilolezo cha kholo lake. Pachifukwa chomwecho musadinde dzina la gulu lanu pa malaya. Ngati pakhomo pali ana atatu a sukulu, musaveke mmodzi n'kusiya awiri, chifukwa juziyo idzavalidwa mosinthana ndipo wamng'ono ndiye adzaluza.

Phatikizanipo sopo pa phukusi lililonse. Zidzachitika ndithu kuti m'miyezi ya njala, mu Januwale ndi Febuluwale, banja lina ligulitsa chovalacho kuti ligule ufa. Zikatero musakalipe pagulu kapena kufufuta dzina la mwanayo. Lolani amayi akacheze ndi banjalo, ndipo vuto la chakudya mulitule kwa a Social Welfare.

Teremu ikamatha bwererani kusukulu, mutsegule kaundula pamodzi ndi aphunzitsi, muone ngati ana amene analandira asiya kujomba, ndipo zimene mwapeza muwauze opereka monga momwe zilili. Zovala zotsala zisabwerere ku tauni. Ziwerengeni, zilembedwe m'buku, zitsekeredwe m'bokosi ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu, kiyi asunge wapampando wa gulu la amayi, kuti mwana wofika pakati pa chaka kapena amene nyumba yawo yapsa apeze chovala tsiku lomwelo.