Mbale zakale za galamafoni musazipukute ndi sipiriti

Anzanga osonkhanitsa mbale za piyano za 78 (zozungulira ka 78 pa mphindi), makamaka zojambulidwa 1925 isanafike, asanayambe kujambula ndi maikolofoni: sipiriti asayandikire. Mbalezi n'za shellac, mtundu wina wa utomoni, ndipo sipiriti amazisungunula. Ine ndinawononga yanga imodzi. Pomwe ndinadutsitsa thonje panatuwa, timizere n'kufafanizika, zinandiwawa kwambiri.

Tengani madzi ozizira, kadontho ka sopo wotsukira ziwiya ndi kaburashi kofewa. Tsukani motsata timizere, pepala lapakati lisanyowe. Tsukuluzani, pukutani msanga, muiimike iume tsiku lonse. Koma za Edison Diamond Disc, zokhuthala zija, zisakhudze madzi.

Mawu a piyano m'mbalezi ngochepa kale poti ankalowera mu lipenga pojambula, ndiye kafumbi pang'ono kamawakwirira.