Ndalama zikamalowa kawiri pa foni ya munthu mmodzi

Pulogalamu yathu imalipira ogulitsa pa foni kudzera pa API, njira imene pulogalamuyi imalumikizirana ndi makompyuta a kampani yotumiza ndalama pa foni. Yankho likachedwa kupitirira masekondi 30, khodi yathu inkangoti zakanika n'kutumizanso, chonsecho ndalama zoyamba zija zinali zitalowa kale.

Ndinakonza motere: malipiro aliwonse ali ndi reference (nambala yowazindikiritsa) yakeyake, yolembedwa mu database (mosungira zolemba za pulogalamu) tisanatumize, ndipo database imakana reference yobwereza. Yankho likachedwa, timalemba "pending", n'kufunsa transaction status (ngati ndalamazo zalowa kapena ayi) pakatha mphindi 5. Timatumizanso pokhapokha yankho likati "failed".

Callback (uthenga wochokera ku kampaniyo wonena mmene malipiro athera) yokha musaidalire, nthawi zina imafika kawiri, pena osafika n'komwe. Ndiye m'mawa uliwonse timafananiza mndandanda wathu ndi statement ya akaunti yolipirira, chifukwa munthu akatapa kale ndalamazo kwa ejenti, kuzibweza ndi ntchito yaikulu.