Kupeta dzina pa bulangete la ubweya osaononga nsalu ya kasitomala

Kukangoyamba kuzizira kuno ku Johannesburg, cha mu June ndi July, maoda a mabulangete a ana, magauni ndi mathaulo olemba maina amabwera ambiri zedi. Koma abale nsalu za ubweya zotamukazi, fleece ndi minky, sizifuna phuma. Bulangete langa loyamba linali la khanda la mayi wina wa kutchalitchi kwathu ku Rosettenville, ndinalikunga mu hupu, kamkombero kopanira nsalu pa makina opetera, ngati chikopa cha ng'oma, politulutsa dzina lonse linakhwinyata, zilembo zamira mu ubweya, kuonjezera apo mzere wa hupu unadinda osachokanso. Ndinakagula nsalu ina ndi ndalama zanga ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye nsaluyo musaipane mu hupu ayi. Panani stabilizer yokha, kansalu kolimbitsa koyala pansi pa nsalu yopetedwa, ikhale ya cut-away yochita kudula ndi sizasi, poti ija yong'amba ndi manja imatha mukangochapa kangapo kenako dzina limayamba kupindika. Ifayireni spray ya guluu wosakhalitsa ngati 505, pang'ono chabe komanso muli kutali ndi makina, kenako gonekani nsalu pamwamba nkumaisalaza ndi chikhatho. Osakoka olo pang'ono. Mukaikoka imadzabwerera mwakale ulusi utagwira kale, makwinya aja amachokera pamenepo. Isisiteninso muone komwe ubweya ukugonera, uzigonera kumunsi kwa dzina.

Pamwamba yalani topping, kaja kooneka ngati pulasitiki koma kosungunuka m'madzi, ndi kamene kamapondereza ubweya kuti ulusi ukhale pamtunda. Ena amaika jumbo wamba poti ndi yotchipa, chonde musatero, zidutswa zake zimatsalira pansi pa ulusi. Makina ambiri a Brother ndi Janome amatha kuyamba ndi basting, msoko wongogwirizira wodzachotsa pambuyo pake, kuzungulira dizaini, iyambitseni imange zitatuzi pamodzi.

Singano ikhale ya ballpoint 75/11 poti imadutsa pakati pa ulusi wa nsalu osaudula, ulusi wopetera ukhale wa polyester nambala 40. Liwiro chepetsani.

Pa dizaini ndi pomwe ambiri timagwa. Kasitomala amabwera ndi foni kukuonetsani tizilembo towonda topotanapotana, tokongoladi pa shati koma pa minky timasowa. Muuzeni mwaulemu kuti mayi, izi siziwoneka, tisankhe zonenepa. Ngati ubweya ndi wautali yambani ndi knockdown stitch, kaukonde kopepuka ka ulusi wofanana mtundu ndi nsalu komwe kamagoneka ubweya kaye, dzina nkubwera pamwamba pake. Ine ndikapita kogula nsalu ku Oriental Plaza ku Fordsburg ndimaonjezera kachidutswa koyesera, sindikhudza bulangete lenileni ndisanaone momwe zatulukira pamenepo.

Makina akamayenda musachokepo. Bulangete ndi lolemera, likamalendewera patebulo limakoka hupu dizaini nkusuntha, ndiye lipindeni muligwirizire ndi manja, muonetsetsenso kuti mbali ina sinalowe pansi nkusokedwa limodzi.

Mukamaliza dulani basting, ng'ambani topping, totsalira pukutani ndi kansalu konyowa. Kumbuyo dulani stabilizer ndi sizasi kusiya ngati theka la sentimita kuzungulira dzina. Ayironi isayandikire, minky ndi polyester, ubweya wake ukapsa sudzukanso. Kenako tsegulani pa bobini muchotse ubweya ndi kaburashi musanaike oda ina, fleece imasiya wambiri moti mudabwa.