Kamwedwe ka doxycycline wa 20 mg pa matenda a chiseyeye

Chiseyeye chikakhalitsa, si tizilombo tokha timene timawononga fupa logwira mano. Polimbana ndi litsiro la pansi pa nkhama, thupi limatulutsa timadzi totchedwa MMP-8, timene timadula ulusi womangirira dzino ku nsagwada mpaka liyambe kugwedera. Doxycycline ndi mankhwala opha tizilombo, koma wa 20 mg, amene bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mu 1998 pa dzina la Periostat, amafooketsa timadzi timeneti. Mlingowu ndi wochepa moti supha tizilombo.

Poyamba dokotala wa mano ayeze kuya kwa kampata ka pakati pa dzino ndi nkhama. Mamilimita 1 mpaka 3 ndi bwinobwino. Kuyambira 4 pali vuto. Kenako apale litsiro louma la pa mano ndi pamizu yake. Kumwa mapiritsi osapalitsa mano n'kungotaya ndalama.

Mwapatsidwa doxycycline wa 20 mg? Imwani piritsi limodzi m'mawa, lina madzulo, kutatsala ola limodzi kuti mudye, kwa miyezi 3. Dokotala akayezanso angapitirize mpaka miyezi 9. Mezerani kapu yodzaza madzi ndipo musagone pompo, chifukwa piritsi likakakamira kummero limasiya chilonda. Mkaka, chambiko, mankhwala a chilungulira ndi mapiritsi a ayironi owonjezera magazi amagwira doxycycline m'matumbo, osalowanso bwino m'magazi, choncho pakhale mpata wa maola 2 kapena 3.

Musalowetsepo makapisozi a 100 mg opezeka paliponse aja. Amenewo ndi mlingo wophera tizilombo, ndipo kuwamwa miyezimiyezi kumachititsa tizilombo kusamvanso mankhwala. Kutsegula kapisozi n'kugawa ufa ndi maso nakonso sikupereka 20 mg.

Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 8 asamwe, chifukwa mankhwalawa amadetsa mano amene akukula. Amene mukumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, uzani dokotala, magazi angamachedwe kuundana. Khungu la ena limapsa msanga ndi dzuwa akamamwa doxycycline.

Nanga ibuprofen, mankhwala ochepetsa ululu aja? Amachepetsadi kutupa kwa nkhama, koma mukangosiya phindu limatha, ndipo kumwa nthawi yaitali kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi vuto la impso.

Musayembekezere zozizwitsa. Chimene doxycycline amawonjezera pa kupala mano pochepetsa kuya kwa kampata kaja sichifika milimita imodzi. N'chifukwa chake akatswiri amasiyana maganizo: bungwe la madokotala a mano ku America, ADA, linamulimbikitsa mu 2015, pomwe la ku Ulaya, EFP, mu 2020 linalangiza kusamugwiritsa ntchito. Kwa wosuta fodya kapena wodwala shuga wosatsika, kusiya fodya ndi kutsitsa shuga kuyambe, mapiritsi pambuyo.