Kusankha ndi kusamala pampu ya mpweya pa dziwe la nsomba za koi

Nsomba za koi, zomwe alimi a m'dera la Niigata ku Japan adayamba kuzisankha chifukwa cha mawanga ake okongola, zimakula kwambiri ndipo zimadya kwambiri, choncho zimafuna okosijeni wambiri m'madzi. Vuto ndi lakuti madzi akamatentha amasunga mpweya wochepa. Pa madigiri 20, lita imodzi ya madzi imasunga okosijeni wokwana mamiligalamu 9, koma pa madigiri 30 amatsika kufika pa 7.5, pamene nsombazo zimafuna kuti asachepere 6. Usiku ndere ndi zomera za m'madzi zimasiya kutulutsa okosijeni n'kuyamba kulimbirana ndi nsomba, komanso tizilombo tabwino ta m'sefa timene timayeretsa madzi timafuna gawo lake. N'chifukwa chake ngozi imagwa m'bandakucha wa miyezi yotentha ngati Okutobala, pamene mwini dziwe amapeza nsomba zaunjikana pamwamba, zikutsegula ndi kutseka pakamwa pafupi ndi polowera madzi. Pampu iyenera kusankhidwa poganizira ola limeneli, osati masana a mwezi wa Juni.

Pogula, musakhutire ndi nambala yaikulu yolembedwa pa katoni. Nambalayo imanena malita a mpweya omwe pampu imatulutsa pa mphindi imodzi, koma chofunika kudziwa ndi chakuti imatulutsa ochuluka bwanji pa kuya kwa dziwe lanu, pakuti madzi amakankhira mpweya m'mbuyo, ndipo mita iliyonse ya kuya imawonjezera mphamvu yokwana pafupifupi 0.1 bar (bar ndi muyeso wa mphamvu yokankha). Makampani odalirika monga Hiblow ndi Secoh amasindikiza tchati chosonyeza zimenezi, ndipo ine sindingagule pampu yopanda tchaticho ngakhale itatchipa chotani. Pa dziwe la malita 10,000 lakuya mita imodzi ndi theka, lokhala ndi nsomba zazikulu, pampu ya malita 40 pa mphindi ndi poyambira pabwino, ndipo ngati mukukayika pakati pa ziwiri, tengani yaikuluyo chifukwa nsomba zikukula. Funsaninso ngati zipangizo zosinthira zimapezeka.

Mapampu ambiri amakankha mpweya ndi timalabala tiwiri totchedwa diaphragm, ndipo sachita phokoso komanso sadya magetsi ambiri: ya malita 40 imadya pafupifupi mawati 40. Mapampu ena, omwe amakankha mpweya ndi pisitoni, amalira kwambiri, koma amapirira madzi akuya.

Pampu muyiike pamwamba kuposa madzi a m'dziwe. Ikakhala m'munsi, magetsi akazima madzi amabwerera m'paipi n'kulowa m'makina, choncho ngati palibe malo okwera, ikani valavu yoletsa madzi kubwerera. Malowo akhale a mthunzi, osanyowa ndi mvula koma opita mphepo, chifukwa kuitsekera m'bokosi lopanda maboo kumaitenthetsa ndipo malabala amauma msanga. Paipi yochokera ku pampu ikhale yotakata ndi yaifupi, ndipo muigawe m'timapaipi ting'onoting'ono mukafika pafupi ndi dziwe. Kumapeto kwa timapaipito kumakhala miyala yotulutsa thovu: umodzi uikidwe m'sefa, ina pansi pa dziwe.

Chimene chimapha mapampu ambiri si ukalamba ayi, koma kutsekeka kwa njira ya mpweya. Miyala ya thovu imatsekeka pang'onopang'ono ndi ndere ndi matope, pampu n'kumalimbana ndi kukankha mpweya wopanda kolowera mpaka labala kung'ambika. Khalani ndi chizolowezi choyang'ana thovu m'mawa uliwonse podyetsa nsomba ndi kugwira pampu ndi dzanja. Kufunda ndi kwachibadwa, koma ikamawotcha moti simungasiyepo chikhatho, kapena thovu likachepa, tulutsani miyalayo muikweche ndi burashi, ndipo yokanika muisinthe. Kasiponji kosefa fumbi komwe kali pansi pa chivundikiro cha pampu kachotsedwe ndi kukuntha mwezi uliwonse, ndipo m'nyengo ya fumbi kawirikawiri kuposa apo. Mukakatsuka, kaume kaye musanakabwezere. Malabala asinthidwe onse awiri pamodzi pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri ngakhale akuoneka abwino, mutazula pulagi, ndipo ena apadera azikhala m'kabati nthawi zonse.

Pampu imeneyi siyenera kuzimitsidwa usiku pofuna kupulumutsa mayunitsi a magetsi. Kumene magetsi amazimazima, ilumikizeni ku inveta ndi batire, pakuti batire ya 12V ya 100Ah ikhoza kuyendetsa pampu ya mawati 40 usiku wonse. Magetsi akazima mulibe batire, lekani kudyetsa nsomba, ndipo tengani ndowa muzitunga madzi a m'dziwemo n'kumawakhuthulira momwemo kuchokera pamwamba mpaka magetsi atayaka.