Mwapanga chipangizo chatsopano? Lembetsani patenti musanachionetse

Aluso ambiri amataya mwayi wa patenti, chikalata cha boma choletsa ena kupanga kapena kugulitsa luso lawo popanda chilolezo, tsiku lomwe chipangizo chawo chayenda koyamba. Mwa chimwemwe amajambula kanema n'kuika pa Facebook. Koma m'maiko ambiri chilichonse chimene chaonekera poyera tsiku lolembetsa lisanafike chimawerengedwa ngati chodziwika kale, chomwe maloya amati prior art. Kanema wanu yemweyo akhoza kudzakhala umboni woti luso lanulo si latsopano.

Choyamba, sungani chinsinsi. Ngati mukufuna wowotcherera zitsulo kapena wokuthandizani ndi ndalama, muyambe mwasainirana pepala loti sadzaulula.

Chachiwiri, fufuzani ngati wina sanakutsogolereni. Pa masamba a pa intaneti a Google Patents, Espacenet ndi Patentscope mumafufuza mwaulere. Musangolemba dzina lomwe mwachipatsa. Lembani ntchito yomwe chimagwira, m'mawu osiyanasiyana. Mpope wopalasa ndi miyendo, mwachitsanzo, ulipo kalekale, koma mwina kachitsulo komwe mwasintha mkati mwake n'katsopano. Kameneko ndiko muteteze. Dziwaninso kuti m'maiko ambiri pempho limasindikizidwa pakatha miyezi 18, ndiye zina simuziona.

Kenako lembani mmene chimagwirira ntchito, ndi zojambula, momveka kuti mmisiri wina atha kuchipanga powerenga basi. Apa musaumire mawu, chifukwa zomwe mwasiya simudzaloledwa kuziwonjezera pa pempho lomwelo. Gawo lotchula malire a chomwe mukuti ndi chanu, loya wodziwa za patenti akuthandizeni.

Mukatero, perekani pempho msanga. Awiri akapanga chinthu chofanana, amapambana ndi amene wayamba kulembetsa. Ngakhale dziko la America, lomwe linkayang'ana amene anayamba kupanga, linasintha pa 16 March 2013. Kumeneko amakulolani chaka chimodzi mutaulula nokha, koma ku Ulaya chifundo chotero kulibe.

Mutha kulembetsa ku ofesi ya boma yoona za patenti kuno kwathu, kapena ku Harare ku ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa loona za patenti, komwe pempho limodzi limafika kumaiko omwe mwasankha, monga Malawi, Zambia ndi Mozambique. Kuchokera tsiku loyambalo, pangano la Paris, lomwe maiko ambiri anasainira, limakupatsani miyezi 12 yolembetsera kumaiko ena popanda kutaya tsiku lomwe munayamba kulembetsa. Njira ya PCT, pangano lina lolola pempho limodzi la maiko ambiri, imatalikitsa nthawi yosankha maiko kufika pa miyezi 30, mpata wabwino wofunafuna ndalama zolipirira.