Momwe Mungasambire M'manja ndi Kuvalira Magolovesi mu Wodi

Usiku wina mu wodi ya amayi ndinaona namwino mnzanga akumanga chilonda cha mayi wa opaleshoni atavala magolovesi. Atamaliza anapita pa bedi lotsatira kukakonza dripi, foni italira anapisa m'thumba n'kuyankha, magolovesi ali omwewo. Manja ake anali otetezeka ndithu, koma tizilombo ta pachilonda chija tinafika pa kanyula (kapaipi kolowetsa dripi mumtsempha) ya mayi wachiwiri. Zimandiwawa chifukwa ambirife timachita zimenezi wodi ikadzaza, tikuganiza kuti golovesi yatha zonse. Golovesi siilowa m'malo mwa kusamba m'manja, ndipo ndondomeko ili m'munsiyi yatsamira pamenepo.

1. Konzani manja musanalowe mu wodi

Vulani mphete, wotchi ndi zibangili. Zikhadabo zikhale zazifupi, zopanda zomatira. Ngati muli ndi bala pachala, limateni ndi pulasitala yosalowa madzi.

2. Dziwani nthawi zisanu zosambira

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika nthawi zimenezi m'malangizo ake a 2009: musanakhudze wodwala, musanagwire ntchito yofuna ukhondo wapadera monga kubaya, kuika kanyula kapena kutsuka chilonda, mukangokhudza magazi, mafinya, mkodzo kapena masanzi, mukamaliza kukhudza wodwala, komanso mukakhudza zinthu zomuzungulira. Yachisanuyi ndi imene imatipulumuka kawirikawiri. Loka, chitsulo cha bedi ndi choimikira dripi zili ndi tizilombo ta wodwalayo ngakhale iye mwini simunamugwire.

Kuti izi zimapulumutsa moyo zinaoneka kalekale. Mu 1847 dokotala Ignaz Semmelweis ku Vienna analamula ophunzira udokotala ochokera kopima mitembo kuti azisamba m'madzi a klorini asanagwire amayi oyembekezera. Imfa za amayi mu wodi yake zinatsika kuchoka pa 18 mwa 100 alionse mu Epulo kufika pafupifupi 2 mu Juni.

3. Sankhani: sanitayiza kapena sopo

Manja akakhala osaoneka litsiro, sanitayiza ya alikoholo ndiyo yachangu ndipo imapha tizilombo bwino. Thirani yodzaza pakati pa chikhatho, tikitani kwa masekondi 20 mpaka 30 kufikira manja atauma okha. Musawakupize kapena kupukutira pa yunifolomu.

Manja akadetsedwa ndi magazi kapena zina zooneka, mukachoka kuchimbudzi, kapena mukasamalira wodwala wotsekula m'mimba, pitani kumpopi ndi sopo, masekondi 40 mpaka 60. Alikoholo siidutsa litsiro, ndipo tizilombo tina ta m'matumbo monga Clostridioides difficile sitifa nayo.

Katikitidwe kake ndi kamodzi. Yambani zikhatho, kenako kuseri kwa dzanja lililonse zala zitalowana, pakati pa zala, kuseri kwa zala mutazikolowekana, chala chachikulu mochizunguliza, ndi nsonga za zala mozitikita pachikhatho. Nsonga za zala ndi chala chachikulu ndizo zimagwira wodwala kwambiri, komanso ndizo zimasiyidwa kwambiri tikamathamanga. Mukatsukuluza, pukutani ndi pepala lotaya ndipo mutsekere mpopi pepala lomwelo. Thaulo limodzi lopachika pasinki la wodi yonse lichotseni, limabwezera zomwe mwangochotsa.

Mipopi ikauma, monga zimachitikira m'zipatala zathu zing'onozing'ono, gwiritsani ntchito ndowa yokhala ndi kampopi ndi beseni lolandirira madzi akuda pansi pake. Kusambira anthu angapo m'beseni limodzi ayi. Amene tinagwirako m'misasa ya kolera pa mliri womwe unayamba mu Marichi 2022 tikukumbukira ndowa za klorini: ya m'manja ndi ya 0.05%, pomwe ya 2% ndi yothira pa chimbudzi ndi masanzi a odwala. Lembani pandowa iliyonse kuti wina asasokoneze n'kupsa manja.

4. Dzifunseni ngati golovesi ikufunikadi

Poyeza BP, kutentha kwa thupi, popereka mapiritsi, polemba mufayilo kapena poyendetsa wodwala, golovesi siifunika. Manja osamba ndi okwanira. Valani magolovesi wamba potenga magazi, poika kapena pochotsa kanyula, potaya mkodzo, ndi paliponse pomwe mungakhudze magazi, zotuluka m'thupi, m'kamwa kapena khungu lotupa zilonda. Magolovesi osindikizidwa m'paketi, opanda kachilombo kalikonse, ndi a opaleshoni, kubereketsa ndi kuika paipi ya mkodzo. Tikamavala pachabe, bokosi limatha masana, ndiye mzamba wa usiku amasowa chogwirira mayi akutaya magazi.

5. Valani pa manja osamba ndi ouma

Sambani kaye, dikirani aume, kenako tulutsani golovesi moigwira kukamwa kwake kokha. Magolovesi awiri amenewo ndi a wodwala mmodzi. Ngakhale pa wodwala yemweyo, mukachoka pamalo akuda monga thewera kupita pa kanyula, vulani, sambani, valani ena. Musawatsuke kapena kuwapaka sanitayiza kuti mupitirize nawo. Ikang'ambika, sinthani pompo.

6. Vulani mosamala, sambaninso

Tsinani golovesi imodzi kunja kwake pafupi ndi mfundo ya dzanja osakhudza khungu, ikokeni itembenuke, muifumbate m'dzanja lomwe likadali lovala. Lowetsani zala ziwiri za dzanja lovulalo mkati mwa golovesi inayo, muitembenuze ikute inzake ija, n'kutaya mu bini ya zinyalala za matenda. Mukatero sambani nthawi yomweyo, chifukwa golovesi imatha kukhala ndi timabowo tosaoneka ndipo povula manja amadetsedwa.

Manja osamba kambirimbiri patsiku amauma n'kuyamba kung'aluka, ndipo m'ming'alumo tizilombo timabisala. Pakani mafuta a m'manja pa nthawi yopuma ndi poweruka, koma osati Vaseline musanavale magolovesi a mphira (latex), poti imawafooketsa. Ndipo magadiyani musawaiwale, ndiwo amadyetsa ndi kusambitsa odwala athu. Mukaona gogo akutsegula kontena ya phala, mufikireni mwaulemu: "Agogo, tiyeni tisambe kaye m'manja musanawadyetse, sopo ali apa." Muwaperekeze kundowa, musambe nawo limodzi kuti aone katikitidwe kake.